Bambo Akatsokomola

Mzere wolandirira mankhwala sunkayenda, ndiye telala wina amene anatopa ndi kuimirira anangotchera khutu kwa anthu awiri osadziwana patsogolo pake: bambo wa jekete amene ankatsokomola pafupipafupi, ndi mayi wonyamula ambulera.

"Chifuwachi musachione chonchi, mayi, chimandilerera mwana," anatero bamboyo monyadira. "Poyamba ndinkati ndikamupeza akusewera, ndimatsokomola pakhomo, kenako lamba. Pano ndikangotsokomola, mtsikana wanga wagwira kale buku."

"Ndiye lambayo munamupumitsa?"

"Anamaliza ntchito yake. Mwana amafunika kumudzidzimutsa kuti mutu ugwire."

"Galu wanga nayenso akamva mbale kulira amachucha dovu, koma sindinamuonepo akuphika."

"Mayi, mukufanizira mwana wanga ndi galu?"

"Ayi, galuyo zake zili bwino. Iye amayembekezera chakudya, wanuyo amayembekezera lamba. Akagwira bukulo amatembenuza tsamba?"

"Zimenezo sindiyang'ana. Chachikulu amakhala phee mpaka nditatuluka."

"Nanga mayeso anakhoza?"

"Analephera. Aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi."

"Musawanamizire aphunzitsi, bambo, waulesi ndinu. Bwanji simunapite kukaima pawindo la chipinda cha mayeso n'kumamutsokomolera?"

"Inu mayi, pakamwa panu mpoipa!"

"Mpoipa, koma ndikulangizeni. Mukafika kutsogoloko, mankhwalawo muwakane."

"Chifukwa?"

"Mukangochira chifuwacho, mwana wanu sukulu yathera pomwepo."