Mapiritsi a Che Amidu

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene mukumva mawu angawa. Ine ndine Esinati, nkhalamba ya ku Maganga kuno ku Salima. Ndikufuna ndichitire umboni za chaka chimene matenda a kamwazi analowa m'mudzi mwathu. Ananditengera mwana mmodzi, ndipo anatsala pang'ono kunditengera wachiwiri pamodzi ndi banja langa.

Linali dzinja, patapita zaka ziwiri nkhondo yaikulu ija itatha. Ndinali pa chitengwa kwawo kwa amuna anga a Yohane, omwe anali msodzi, m'mudzi wina pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja. Tinali ndi ana awiri, Lute wa zaka zinayi ndi Filipo yemwe anali atangoyamba kuyenda. Mvula inagwa sabata yathunthu osaleka. Mtsinje unasefukira, madzi n'kudutsa kuthengo kumene anthu ankadzithandizira, chifukwa zimbudzi zinali zosowa masiku amenewo, kenako n'kudzaza m'zitsime zathu za mumchenga. Ataphwa, anasiya matope onunkha ndi ntchentche zobiriwira zochuluka zedi. Zinkatera pa usipa wa pathandala, pa mbale, ngakhale m'maso mwa ana ali mtulo.

Woyamba kudwala anali mkulu wina wa kumapeto kwa mudzi. Anatsekula m'mimba masiku awiri, tsiku lachitatu anayamba kuchita magazi osakanikirana ndi zonanda ngati mamina, ndipo sabata isanathe tinamuika. Matendawo analowa m'nyumba yoyandikana nayo, kenako yotsatira, ngati munthu woyenda khomo ndi khomo. Ine ndinkawerenga nyumba zimene zatsala kuti afike pathu. Mabwato anangokhala pamchenga chifukwa amuna anali kumanda tsiku lililonse. Pa maliro tinasiya kuimba nyimbo zazitali, anthu analibe mphamvu. Chipatala chinali kuboma ku Salima, koma mlatho wamitengo unali utakokoloka, ndipo mtsinje sunali wooloka ndi wodwala kumsana.

Lute anayamba Lachiwiri. Apongozi anga aakazi anamuphikira masamba a gwafa ndi makungwa owawa, ine n'kumamumwetsa. Akuluakulu onse ankanena chimodzi, kuti mwana wotsekula m'mimba asapatsidwe madzi, chifukwa madziwo ndi amene akungodutsa. Ndinamvera. Mwana wanga ankandiyang'ana milomo itang'ambika, n'kumati, “Amayi, madzi.” Ine ndinkangomunyowetsa milomo ndi chala. Loweruka dzuwa lili pamutu anasiya kupempha, ndipo Lamulungu tinamuika.

Tisanamete n'komwe tsitsi la maliro, Filipo anayamba. Pofika tsiku lachiwiri maso anali atalowa, liwombo litalowanso, khungu ukalitsina silinkabwerera. Apa mpamene apongozi anandiitanira kuseri kwa nyumba, alongo awo a amuna anga ali pomwepo.

“Iwe Esinati, ana awiri m'nyumba imodzi si kamwazi chabe ameneyu,” anatero. “Ili ndi tsempho. Mwana wanga Yohane ndimamudziwa, sayendayenda. Tiuze, unapita ndi ndani?”

Achinyamata mwina simudziwa. Kale ankakhulupirira kuti kholo likachita chigololo, mwana amadwala n'kufota, ndipo ankati kholo lamutsempha mwanayo. Ndinalumbira kuti sindinadziwepo mwamuna wina, koma palibe anandimvera. Ndinali mlendo pamudzipo, kwathu kunali ku Chitala. Anandiletsa kuphikira banja, ndipo anati mwanayo akangomwalira ndinyamule zanga ndizipita. Ndinayang'ana amuna anga kuti anene kanthu. Iwo anangoyang'ana pansi, n'kutenga mphasa yawo kupita nayo kwa amayi awo.

Abale anga, sindikubisirani, tsiku limenelo pemphero linandikanika. Ndinali wa mpingo kuyambira ndili mtsikana, koma ndikati ndigwade, mumtima munkangobwera mawu a Lute opempha madzi. M'mawa mwake ndinasiya Filipo ali gone, kupuma kwake kuli kwapamwambamwamba, ndinatenga nsanza zake zamagazi kupita nazo kunyanja kukachapa. Nditafika ndinagwada pamchenga n'kunena mawu ochepa okha. Ndinati, “Ambuye, Inu mukudziwa kuti tchimo akundinenerali sindinalichite. Ine ndilibe mboni ina. Ngati mukundiona, ndithandizeni lero, chifukwa mawa mwanayu kulibe.”

Ndisanaviike nsanza m'madzi, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Mayi, musachapire pamenepo. Anthu amatunga pomwepo.”

Anali Che Amidu, Msilamu wa mudzi woyandikana ndi wathu, yemwe anabwera kuchokera kunkhondo ku Bama. Tonse tinkamuopa munthu ameneyu. Ankakhala yekha, sankaseka, ndipo bingu likagunda ankadzigwetsa pansi n'kubisa mutu. Anthu ankanong'onezana kuti m'bokosi lake lachitsulo muli zinthu za anthu akufa, ena mpaka ankati matendawa anatuluka m'bokosi lomwelo. Anayandikira, nayang'anitsitsa nsanzazo osanyansidwa.

“Wayamba liti? Akuyamwa? Wakodza liti komaliza?”

Ndinamuyankha zonse. Iye anandiuza kuti kunkhondo ntchito yake inali yosamalira odwala m'chipatala cha asilikali, ndipo kamwazi anamugwirapo iye mwini. Anati ali ndi mankhwala amene dokotala anamupatsa pobwerera kumudzi, koma ayenera kumuona kaye mwanayo.

Dzulo lake lomwelo anali atandinena kuti ndili ndi mwamuna wina, ndiye lero ndilowe m'mudzi masanasana mwamuna ali pambuyo panga? Ndinadziwa zimene anthu adzanene. Koma ndinali nditangopempha thandizo, ndipo panalibe wina amene anabwera. Ndinati, “Tiyeni, bambo.”

Tikulowa m'mudzi, amayi amene ankasinja anaimitsa misi. Apongozi anadzuka pakhonde n'kuloza ndi chala.

“Ndi ameneyu kodi? Wafika pomubweretsa pakhomo?”

Amuna anga anatuluka atagwira nkhafi, naima pakhomo pa nyumba yathu. Che Amidu sanabwerere m'mbuyo, ndipo sanakweze mawu.

“Achimwene, akazi anuwa ine sindiwadziwa ngakhale dzina. Chimene ndikudziwa ndi matendawa. Ndanyamula anyamata ambiri amene anafa nawo m'nkhalango momwe munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Amenewo anawatsempha ndani? Matendawa amayenda ndi madzi oipa ndi ntchentche. Mundimenye pambuyo pake ngati mukufuna, koma ndiloleni ndimuone mwanayo akadali moyo.”

M'nyumba Filipo analira kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Amuna anga anatsamiritsa nkhafi kukhoma, n'kunena kuti, “Lowani.”

Che Amidu anatulutsa kachitini kafodya m'thumba la malaya ake ausilikali. Munali mapiritsi oyera, akuluakulu, okutidwa ndi thonje. Aka kanali koyamba ine kuona piritsi. Anabenthula limodzi, natenga kachidutswa, nakaphwanya ndi supuni. Anandiuza kuti ndiwiritse madzi mpaka abwadamuke, ndiwaziziritse, ndipo anasungunulira ufawo m'madzi omwewo n'kumudonthezera mwana m'kamwa.

“Mankhwalawa paokha sangamuchiritse,” anatero. “Mwanayu wauma. Muzimumwetsa madzi owiritsa, supuni imodzi imodzi, osalekeza. Muphikenso mpunga wamadzimadzi, mutsanule madzi akewo, muthiremo kamchere pang'ono. Bere musamumane. Akasanza, dikirani pang'ono, muyambirenso.”

Ndinafunsa kuti, “Madzi, bambo? Si madziwo amene akumupweteka?”

“Ayi, mayi. Ambiri amafa ndi ludzu, osati ndi magaziwo.”

Nditamva zimenezo ndinakumbukira mmene ndinamumanira Lute madzi. Ndinatuluka, ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamulira Lute kuposa mmene ndinalirira tsiku la maliro ake. Kenako ndinapukuta misozi n'kubwerera kukagwira supuni.

Tsiku loyamba palibe chinasintha. Mwana anasanza kawiri, magazi ankatulukabe. Amayi a m'mudzi anayamba kusonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi nyumba yathu, atakhala chete, monga amachitira podikira maliro. Malume awo a amuna anga anabwera ndi mphasa yatsopano yokulunga, naiimika pakhonde. Ndinaidziwa ntchito yake, chifukwa Lute tinamukulunga mu yotero. Ndinamva apongozi akuuza anzawo kuti mwanayo akafa, ndiye kuti wamalizidwa ndi mankhwala a munthu wamisala uja. Che Amidu ankabwera m'mawa, masana akatha kuswali, komwe ndi kupemphera kwa Asilamu, ndiponso dzuwa likapendeka. Ankaona nsanza, n'kupereka kachidutswa kena, n'kuuza amuna anga kuti akumbe dzenje lakuya lokwiriramo zonyansa zonse. Ndikamufunsa ngati mwanayo achire, ankangoti, “Inshallah, Mulungu akalola, mayi. Musasiye supuni.”

Tsiku lachiwiri magazi anachepa, koma mwana anali lefulefu, mutu sunkaima. Dzanja langa linachita dzanzi ndi supuni. Nditatopa kwambiri, ndinaona amuna anga akukhala pansi pambali panga. Anatenga supuniyo m'manja mwanga n'kuyamba kumumwetsa okha.

Tsiku lachitatu m'mawa, ndili naye pamiyendo, ndinamva kutentha pa nsalu yanga. Ndinaganiza kuti ndi magazi aja. Nditayang'ana ndinapeza kuti wakodza. Kenako analira, kulira kwenikweni kotuluka misozi, nayamba kufunafuna bere. Che Amidu atafika n'kuona, anakhala pansi pakhomo, naphimba nkhope ndi manja, nathokoza Mulungu kuti, “Alhamdulillah.” Ine ndinati, “Ambuye alemekezeke.” Amayi aja pansi pa mango anabalalika mmodzimmodzi, ndipo malume anadzatenga mphasa yawo.

Mapiritsi otsala anapita m'nyumba zina mpaka kachitini kanatha. Sikuti onse anachira, ena tinawaikabe. Koma uthenga wa madzi owiritsa unafika nyumba iliyonse, ndipo maliro anayamba kuchepa. Mtsinje utaphwa, amuna a m'mudzi anapita kuboma kukanena, ndipo kunabwera wachipatala pa njinga ndi mapiritsi ena onga omwewo, nalamula kuti banja lililonse likumbe chimbudzi. Tinamutengera Che Amidu nkhuku ndi mtanga wa mpunga, koma anakana. Anati mankhwalawo iyenso anangopatsidwa.

Apongozi sanandipepese ndi pakamwa. Patapita sabata anangondiitana kuti, “Esinati, bwera udzaphike ndiwo, ine msana ukundiwawa.” Ndinapita, ndipo ndinawasamalira mpaka tsiku la imfa yawo. Amuna anga anandipepesa ali ndi imvi kale, ndipo ndinawauza kuti ndinawakhululukira tsiku limene anagwira supuni lija. Filipo anakula, lero ali ndi zidzukulu.

Tsono inu amene muli m'mayesero, makamaka amene mukunenezedwa zimene simunachite, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala la mawu atatu okha. Musamuikire Mulungu malire a munthu amene angamutume. Ndipo mwana akatsekula m'mimba, musataye nthawi kufunafuna wolakwa. Mumwetseni madzi abwino, muthamange naye kuchipatala, poti lero zipatala zili pafupi ndipo mankhwala ake alipo.

Che Amidu anamwalira patapita zaka zambiri, ali yekhabe, wopanda mkazi kapena mwana. Kwa Asilamu akazi sapita kumanda, ndiye ine ndinaima patali m'mphepete mwa njira pamene ankadutsa naye. Filipo, yemwe anali bambo wandevu nthawi imeneyo, anapita kwa akuluakulu a kumzikiti kukapempha kuti anyamule nawo. Anamufunsa kuti, “Inu ndinu ndani wake?” Iye anati, “Ndine mwana wake.” Anamupatsa malo kutsogolo.

Ambuye amene anandiona pamchenga paja akuoneni nanunso. Ameni.