Ndinamata Mabowo a Mpweya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikulemba izi nkhope ili pansi, chifukwa ndinatsala pang'ono kupha mkazi wanga ndi khanda lathu ndi nzeru zanga zomwe.

Namondwe atatisasulira denga kuno kwa Mwambo, ndinalumbira kuti mphepo sidzalowanso m'nyumba mwanga. Ndinaitana Che Saidi, mmisiri woyandikana nafe, kuti andimangire chipinda cholimba chothawiramo. Iwo anati pafunika mabowo a mpweya, m'munsi ndi m'mwamba, okhala ndi sefa yotchinga udzudzu ndi fumbi. Ndinawaseka, ndinati ndikufuna linga, osati dengu. Anakakamira n'kusiya mabowo anayi, koma atangochoka ndinawamata ndekha ndi simenti.

M'nyengo yozizira mkazi wanga Esinati anabereka. Masiku a chikuta ndinawasamutsira m'chipindamo kuti mwana asazizidwe. Ndinawayatsira mbaula, ndinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli, ine ulendo ku Kachulu kukagula matemba, ndikudziona ngati bambo wosamala.

Pobwerera masana ndinakumana ndi njinga ziwiri zikuthamangira kuchipatala, zitanyamula mkazi wanga ndi khanda. Akazi a Che Saidi, popita kukaona mwana, anapeza Esinati atakomoka, khanda litalefuka, osalira. Ndinathamanga m'mbuyo mwawo ndikungoti, “Yesu, musawalange chifukwa cha ine.”

Anamwino anati ndi mpweya woipa wa makala. Kenako anafunsa, “Chipindacho chilibe mabowo? Ndani anachita zimenezo?”

“Amisiri,” ndinayankha.

Che Saidi anali pomwepo, thukuta lili kamukamu, atapalasa mtunda wonsewo ndi mkazi wanga. Anangondiyang'ana.

Mulungu anandimvera chisoni bodza likadali m'kamwa. Esinati anatsitsimuka, mwana analira n'kuyamba kuyamwa. M'mawa mwake Che Saidi anabwera ndi hamala ndi sefa, anabowola khoma lija, osatchula za kuchipatala. Kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa mbama.

Ndikuthokoza Mulungu amene anapulumutsa banja langa kudzera mwa munthu amene ndinamunyoza. Abale, mbaula isalowe m'chipinda chotseka, ndipo wogwa ngati ine asasiye kupemphera. Koma mpaka lero m'mudzi muno amati Che Saidi sadziwa kumanga, ena anasiya kuwapatsa ntchito. N'chifukwa chake ndalemba izi, ndipo muwauze onse. Che Saidi sanalakwe. Wolakwa ndine.