Nyale ya Masana ndi Kamkanda

Panali mayi ena amene sankadutsa nyale yoyaka masana osaizimitsa, ngakhale m'nyumba ya eni ake. Tsiku limene anakaona mwana wawo wamkazi ku labotale, anampeza akudikira aphunzitsi odzamuyesa, atapana kamkanda kagalasi m'dontho la madzi ndi kuwala kwa nyale yamphamvu yotchedwa leza. Kakanangothawa kamkandako, mayeso akanathera pomwepo.

"Dzuwa lili paliwombo, iwe wayatsa nyale?" anatero mayiwo, maso ali pa swichi ya pakhomo.

"Musakhudze, amayi. Imeneyo imazimitsa zonse. Kuwalaku kwagwira mkanda."

"Uli kuti mkandawo?"

"Onani pakompyutapa. Ndi maso okha simungauone."

"Ndiye ukuunikira chinthu choti ngakhale uunike suchiona?"

"Sindikuunikira, ndikupana. Kuwalaku ndakusongola ngati nsonga ya singano. Mkandawo wakhala pansongapo, sungachoke."

"Mkanda timamanga ndi ulusi, mwanawe." Anatsegula chikwama, nayala katundu patebulo. "Ulipo wakuda, ulipo woyera."

"Kwa mkanda umenewu, ulusi wanuwo ndi chipika."

"Vundikira ndi kapu."

"Uthawira m'madzi momwemo."

"Taya madziwo, utole mkandawo."

"Nditole ndi chiyani?"

"Zala unasiya kusukulu?"

Mwanayo anayang'ana zala zake. "Zilipo zonse, koma n'zazikulu."

Mayiwo anasendera chakukhomo. "Ndingozimitsa pang'ono, ipumeko. Alendo akamalowa uyatsanso."

"Siitopa, amayi. Ndausaka kuyambira m'mawa. Mukazimitsa, wapita."

"Bambo ako ankateronso ndi wailesi. Ndinkazimitsa, ndipo palibe anamwalira."

"Wailesi sigwira mkanda."

"Inkawagwira iwowo pampando tsiku lonse."

Chala cha mayiwo chinanyamuka kulunjika pa swichi. Mwanayo anachiwakha m'malere, nachibwezera pansi. Chinanyamuka cha dzanja linalo.

"Basi," anatero mwanayo. Analonga ulusi, mpango ndi ambulera m'chikwama, nakoka zipi. "Tiyeni ndikakukwezeni galimoto. Lero mukagona kwanu."

"Ukundithamangitsa chifukwa cha kafumbi?"

"Si fumbi. Ndi galasi."

Anawagwira pamkono, nawatsogoza. Atafika pakhomo, dzanja la mwanayo linapita lokha pa swichi, monga linkachitira kuyambira ali wamng'ono potuluka m'chipinda chilichonse. Thapu. Kompyuta inada bii. Pamakwerero panamveka nsapato za aphunzitsi.

Mayiwo anakoleka chikwama paphewa, nakonza duku.

"Ine sindinakhudze," anatero. "Koma kulera kokha, ndinalera."