Bokosi la Mayi Getrude Kachingwe

Zaka zitatu zapitazo, mdzukulu wa malemu, Samantha, anafunsa agogo ake m'Chingerezi chake cha konkuno kuti, ngati iwo ndi namwino, nanga bwanji akuyenda m'maholo kuphunzitsa anthu za kufa. Agogowo anangomuuza mwanayo kuti avale nsapato, basi ya kusukulu imusiya. Abusa, akuluakulu a mpingo, amayi a Mvano, abale a ku Ntcheu amene mukutiona pafoni, ndi anamalira nonse: funsolo silinayankhidwe mpaka lero. Banja landituma kuwerenga mbiri, osati kuliyankha.

Malemu Mayi Getrude Kachingwe, anaNgozo, anabadwa pa 14 Malichi 1962 m'boma la Ntcheu, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Pulayimale anaphunzira ku Gowa, sekondale ku Lilongwe, ndipo mu 1984 anamaliza maphunziro a unamwino ku Nkhoma. Anagwira ntchito ku Dedza ndi ku Lilongwe zaka makumi awiri ndi zitatu.

Mu 1986 anakwatiwa ndi Bambo Jameson Kachingwe, makaniko wa makina akuluakulu. Bambowo atapeza ntchito kumigodi ya kumpoto kwa dziko lino mu 2007, banja linasamukira kuno ku Perth n'kukhazikika ku Canning Vale. Mapepala a unamwino a malemu sanavomerezedwe msanga. Kwa zaka ziwiri, mayi amene anabereketsa ana osawerengeka ankasambitsa okalamba ku Cannington, kwinaku akuwerenganso mabuku ngati mwana wa sukulu. Mu 2009 anavalanso yunifolomu ya unamwino.

Mu 2016 Bambo Kachingwe anatisiya atadwala khansa ya m'mafupa miyezi isanu ndi inayi. Ife tinkapita kukawazonda n'kumawauza kuti mupeza bwino, monga tichitira kwathu. Malemu okha ndiwo ankamva kubuula kumene kunkayamba ife tikatuluka pageti. Maliro atatha, anapempha kuntchito kuti awasamutsire kuwodi ya odwala amene sadzachiranso.

Mu Disembala 2019 boma la kuno linakhazikitsa lamulo loti munthu amene matenda amufikitsa pafupi ndi imfa, ali ndi nzeru zake zonse, angathe kupempha mankhwala omupumitsa, ndiye kuti omuthandiza kufa. Ayenera kupempha katatu, ndipo madokotala awiri amuunike. Zipatala zinapatsidwa chaka ndi theka kuti zikonzeke, ndipo malemu anaikidwa m'komiti ya chipatala chawo. Ankaphunzitsa anamwino anzawo choyankha wodwala akafunsa, komanso kuti amene chikumbumtima chake chikukana ali ndi ufulu wokana.

Kenako a chipatala anawatuma kwa ife, anthu akwawo. Mu Meyi 2021 anaitanitsa msonkhano muholo ina ku Cannington. Tinabwera anthu makumi asanu ndi limodzi, koma pofika nthawi ya tiyi tinatsala asanu ndi anayi. Bambo wina anawafunsa maso ndi maso ngati iwo akugwirizana nalo lamulolo. Malemu anayankha kuti sakudziwa, akupempherabe, koma lamulo likubwera pa 1 Julayi kaya tifune kaya tisafune, ndipo sakufuna kuti munthu wathu adzalimve koyamba ali pabedi, m'chinenero cha eni, popanda womufotokozera. Yankho limenelo linakwiyitsa otsutsa ndi ovomereza omwe. Ku Mvano, mpando woyandikana ndi wawo unayamba kumakhala wopanda munthu. Sindikunena izi podzudzula. Nanenso ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo mutu uli balala.

Mu Febuluwale 2024 anawapeza ndi khansa ya kapamba. Mu Ogasiti mwana wawo Katherine, akufuna bulangete m'kabati, anapeza kabokosi kokhoma ka mankhwala aja. Malemu sanabise. Anati inde, anapempha, anapatsidwa, koma kukhala nako si kumwa. Lamulo limafuna kuti wodwala atchule munthu mmodzi wodzabweza mankhwala otsala iye akamwalira. Sanatchule mwana, sanatchule m'bale. Anatchula Mayi Mwenya Chilekwa a ku Zambia, oyandikana nawo nyumba, amene kwa zaka khumi ndi ziwiri ankapatsana nawo masamba a maungu pamwamba pa mpanda, uyu akuti nkhwani, uyo akuti chibwabwa. Chotidabwitsa n'chakuti Mayi Chilekwa ndiwo anali oyamba kunyamula chikwama n'kutuluka muholo muja ku Cannington.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 8 Okutobala 2024, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 62. Mwana wawo wamwamuna Luwayo anali kumgodi, Katherine anali kuntchito ku Crawley. M'chipinda munali Mayi Chilekwa okha.

Pamaliro akwathu timanena chimene chamutenga munthu, ndipo tonse tikudziwa kuti wodzichotsera yekha moyo saimbiridwa nyimbo za mpingo kapena kuvekedwa zovala za Mvano. N'chifukwa chake akuluakulu a mpingo anatifunsa, ndipo abale kumudzi akhala akuimba foni tsiku ndi tsiku. Satifiketi ya imfa ikuti khansa, koma atiuza kuti kuno imalembedwa choncho kaya munthu wamwa kaya sanamwe. Adokotala sangaulule za wodwala wawo. Mayi Chilekwa anabweza bokosi kumene linachokera, ndipo atafunsidwa ndi Luwayo, atafunsidwanso ndi Abusa, anangogwetsa misozi. Akuluakulu anakhala pansi kawiri osamvana. Pomaliza Abusa anati sangakanize munthu mwambo pa chinthu chimene palibe angachichitire umboni. Ndiye mukuona malemu agona atavala zoyera zawo. Amayi ena abwera m'yunifolomu, ena m'zitenje. Banja likukulandirani nonse mofanana, pakuti nafenso sitikudziwa.

Malemu asiya ana awiri, Luwayo ndi Katherine, adzukulu anayi, alongo awiri ndi mng'ono mmodzi ku Ntcheu. Tikuthokoza Abusa ndi mpingo, anamwino anzawo amene ankasinthana kudzawatembenuza, ndi abale a ku Malawi ndi ku Zambia amene mwakhala nafe pasiwa sabata yonse. AnaNgozo, mwayenda ulendo wautali. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Mayi Chilekwa andilola kunena chinthu chimodzi chokha. Mu Seputembala, tsiku lomaliza limene malemu anatha kuyenda kufika pampanda, anawapempha kuti asadzauze munthu ngati amwa kapena ayi. Anati mukadzanena kuti sindinamwe, anthu adzaloza chala mabanja amene ndinawaperekeza panjira imeneyi. Mukadzanena kuti ndinamwa, wodwala wina adzauzidwa kuti ngakhale Getrude sanavutitse ana. Mayi Chilekwa anawauza mosapsatira kuti lamulolo amadana nalo ndipo sadzasintha, koma pakamwa adzatseka. Nawonso anapempha chawo: kuti kaya ndi njira iti, malemu asadzapite ali okha, awaitane. Anagwirana chanza pamwamba pa mpanda. Lachiwiri lija m'mawa foni ya Mayi Chilekwa inalira, ndipo anapita. Malemu anasunga mbali yawo. Tiwasiye Mayi Chilekwa asunge yawo.