Mayi Zipora Kachiwanda, mmisiri wa magetsi

Mafumu, abusa, akuluampingo ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, ine ndine Chipulumutso Kachiwanda, mlongo wawo wa malemu. Banja landituma kuwerenga mbiri iyi, ndipo ndikupempha kuti muimvetsere mpaka kumapeto.

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Zipora Kachiwanda, NaMbewe. Anabadwa m'chaka cha 1988 m'mudzi muno mwa Kanyerere, ku Mitundu, m'boma la Lilongwe. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Sukulu ya pulayimale ndi ya sekondale anaphunzira konkuno, ndipo analemba mayeso a Fomu 4 mu 2007. Mu 2009 anamanga banja ndi Bambo Vincent Nkhwazi, mlimi wa fodya wa ku Nathenje, napita kukakhala kwa amuna awowo.

Mu 2013 mmisiri wa magetsi, Bambo Noah Chimbalanga, anabwera kudzaika mawaya m'nyumba yoyandikana ndi yawo. Malemu anasiya ntchito zapakhomo n'kumakaima pakhomo pa nyumbayo, kuonerera ndi kufunsa mafunso. Ntchito itatha anapempha kuti awatenge n'kuwaphunzitsa. Bambo Chimbalanga anakana. Anawauza kuti magetsi sakhululuka, munthu ukalakwitsa kamodzi anzako amakunyamula. Malemu sanaleke kupita kukapempha, mpaka mmisiriyo anati awatenga ngati amuna awo avomera.

Bambo Nkhwazi anavomera, koma abale awo ayi. Nkhani yoti mtengwa azivala ovolosi n'kumakwera m'madenga ndi amuna inafika kwa ankhoswe. Panalankhulidwa mawu olemera amene sitingawabwereze pamaliro. Malemu anakhala pamkeka, mutu uli pansi. M'mawa mwake ananyamula makwerero n'kutsatira aphunzitsi awo.

Chaka choyamba sanaloledwe kukhudza waya wamoto. Ntchito yawo inali kugoba makoma, kupinda mapaipi ndi kukoka mawaya m'denga, momwe malata amaotcha ngati ng'anjo. Manja anachita zikang'a. Pambuyo pake anayamba kumanga masoketi ndi maswitchi, ndipo Bambo Chimbalanga ankawamasulitsa zonse akapeza waya umodzi wosamangika bwino. Malemu ankanena kuti nthawi zina ankalirira m'denga momwemo, n'kupukuta misozi asanatsike.

Mu Okutobala 2015 kunagwa tsoka limene ambiri a ku Nathenje mukulikumbukira. Golosale ina imene malemu anali ataikamo mawaya inayaka moto masana, tsiku la msika. Akazi a mwini golosale anapsa mikono potulutsa katundu. Moto usanazime n'komwe, mawu anali atawanda kale oti mayi uja ndiye waotcha. Malemu anali m'denga la nyumba ina chapafupi, osadziwa kanthu. Anangomva phokoso likuyandikira, kenako miyala ikugwa pamalata. Potulukira panali pamodzi pokha, ndipo pansi panali khamu.

Bambo Chimbalanga anapingasa makwerero pakhomo, iwo n'kuima kutsogolo kwake. Anati: "Ntchito ya m'golosale muja ndinaiyendera ndine. Wofuna kugenda ayambe ndi ine." Mwala unawang'amba pachipumi, koma sanasunthe mpaka apolisi anafika. Ofufuza atabwera anapeza kuti munthu wina anali atalumikiza kawaya kakang'ono kuseri kwa golosaleyo, n'kumakokera magetsi kumakina owotcherera zitsulo. Kawayako ndi kamene kanayaka.

Dzina linayera kwa apolisi, koma pamsika silinayere. Anthu poitana mmisiri ankati abwere yekha, mayi uja amusiye. Bambo Chimbalanga ankakana ntchito zoterozo. Amuna a malemu, poopa kuti tsiku lina akazi awo adzaphedwa, anawauza kuti asiye, ndipo m'banja munalowa mphepo. Malemu anabwera kudzakhala kuno kwa amayi nyengo yonse ya dzinja. Ankadzidzimuka chipatso chikagwa padenga. Ife abale tinkaganiza kuti za magetsi zathera pomwepo. Koma mvula itatha anabwerera ku Nathenje, kubanja ndi kuntchito komwe.

Mu 2016 anapita ku Lilongwe kukalemba mayeso a zaluso a giredi 3. M'chipinda chonsecho mkazi anali iwo okha, ndipo anakhoza. Anapitiriza kuphunzira ali pantchito mpaka anatenga giredi 1, yomwe ndi yapamwamba, mu 2019, kenako chiphaso chowalola kugwira ntchito paokha. Mu 2021 banja lonse linasamukira kuno ku Mitundu. Nyumba zambiri za aphunzitsi ndi anamwino, masitolo ndi zigayo za kuno zili ndi magetsi chifukwa cha manja awo. Amayi awiri, a Idesi ndi a Madalo, akhala akuphunzira ntchitoyi kwa iwo.

Malemu anali Mkhristu wa mpingo wa CCAP, membala wa Chigwirizano cha amayi. Mawaya a m'tchalitchi chathu chatsopano anaika ndi iwo, ngati chopereka chawo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene banja lati isabisike. N'zoona kuti malemu ndi aphunzitsi awo anasemphana mawu. Chaka chatha onse awiri ankafuna ntchito ya pachigayo china, ndipo mwini wake anasankha malemu. Panapita miyezi osapatsana moni. Tsono pamene malemu anayamba kudwala mutu ndi kutupa miyendo kumayambiriro kwa chaka chino, ena anayamba kulumikiza zinthu ziwirizi. Manong'onong'o amenewo tawamva, ngakhale pasiwa pano.

Chimene madokotala anatiuza ndi ichi. Malemu anali ndi matenda othamanga magazi kwa nthawi yaitali osadziwa, ndipo matendawo anaononga impso. Anagonekedwa pachipatala cha Mitundu, kenako anatumizidwa kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, komwe madokotala ndi anamwino anayesetsa mbali yawo. Bambo Chimbalanga atamva, anabwera osaitanidwa. Magazi atafunika, anali oyamba kutambasula mkono. Anakhululukirana ndi malemu pamaso pa amuna awo ndi ine.

Lamlungu lapitali malemu anatiitana pafupi ndi bedi. Mawu ankatuluka movutikira, koma tinawamva. Anati: "A Chimbalanga ndi bambo anga. Munthu asadzawaloze chala ine nditapita." Anatisiya Lachiwiri m'mawa, ali ndi zaka 37.

Bambo Chimbalanga ali pakati pathu pano, akhala pamodzi ndi anamfedwa. Tawakhazika pamenepo ndife. Amene ali ndi mawu ena awasunge mumtima, chifukwa malemu eni ake ananena kale zawo.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Vincent Nkhwazi, ndi ana atatu: Pempho, Tadala ndi Lily. Asiyanso amayi awo owabereka, alongo awo awiri, ang'ono awo awiri, apongozi, ndi ophunzira awo awiri amene sanamalize nawo maphunziro.

Alongo athu, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse, ndipo Chauta akulandireni. Mupumule mu mtendere.