Madzi Amene Ninachapira mu Boti

Abusa, akulu a mpingo, abale na alongo, moni mu dzina la Yesu. Naimirira kuti nichitire umboni, koma musayembekeze kuseka.

Ambiri muziwa kuti ninali kusamalira gogo wachizungu pa famu ku Kasisi. Mu Juni, mphepo itavuta, mwana wawo anatitenga kupita ku chilumba chofunda ku Tanzania, tikakhale mu boti yake ya matanga. Ine wa ku Nkomeshya, wosaziwa na kusambira komwe, ninavala wigi nanyamuka.

Boti inaima kutali na gombe. Tauni tinali kuiona chabe, nyumba zoyera, anthu ngati nyerere. Injini inafa, ndipo mwana uja anatenga kabwato kakang'ono, kamodzi komweko, kukafuna chitsulo ku tauni ina. Anati abwera pakapita masiku anayi. Anati, "Madzi akumwa ali mu thanki, musamale."

Azimayi, muniziwa ine na litsiro. Ninaona mashiti onunkha nsomba, makatani akuda bii. Ninati abwana akabwera apeze kuti muno muli mzimayi. Ninachapa, abale. Ninachapa, natsukuluza kawiri, nakolopa paliponse. Kwathu madzi akatha upita kwa aneba, si choncho? Tsiku lachiwiri mpopi unangotsokomola.

Gogo anali na shuga, ndipo shuga ifuna madzi. Foni yanga sinali kugwira. Ninalawa a m'nyanja, ninasanza. Gogo ninawamwetsa msuzi wa mu chitini cha nyemba mpaka unatha. Tsiku lachitatu milomo yawo inang'ambika, anayamba kuniitana na dzina la mng'ono wawo amene anafa kale. Ninakuwa kwa asodzi, ninakuwa, iwo anangonibayibitsa, kuganiza kuti ni moni wa alendo.

Ninagwada. Ninati, "Mulungu, wopusa ndine, musaphe nkhalamba chifukwa cha ukhondo wanga." Ninanyamula chigubu chouma, nachizondotsa m'mwamba, nachigwedeza mpaka manja anachita dzanzi. Msodzi mmodzi wachisilamu anakhota. Chinyanja sanali kumva, koma chigubu anachimva. Anatipatsa madzi ake, natenga gogo kupita nawo kuchipatala.

Mwana atafika anakalipa: "Anamaliza madzi ni ndani?" Ninatsegula pakamwa. Gogo, dripu ili pa mkono, anati, "Ndine ninamutuma kuchapa."

Sananitume, abale. Sananitume! Impso zawo sizinachirenso, ndipo tinawaika mu Ogasiti. Miyezi yonseyi nakhala niimba nanu kwaya bodza lili pakhosi. Sabata yatha ninapita kwa mwana wawo, namuuza zonse. Anangotseka chitseko. Nchito imene ananisungira pa famu yatha. Koma manje chakudya chitsika.

Zikomo Yesu, pakuti munthu amene ninamupweteka ananikhululukira nisanapemphe. Imirirani, abale, mukondwere nane. Misoziyi isakuletseni. Aleluya!