Efulemu Kalilangwe, Amene Anafera Magazi a Eni Ake

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1974 kuno ku Mitundu, ndipo anali mzime m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga ndine Abednego, mkulu wawo. Woyenera kutsogola ndinali ine, koma anthu ena aona kuti n'kwabwino mkulu aike mng'ono wake.

Sukulu anayamba mu 1982, nalekezera Fomu 2 matalala ataononga fodya wa bambo athu. Mu 1997 anakwatira mayi Edith a ku Nathenje, ndipo anadalitsidwa ndi ana awiri. Mu 2003 mayi Edith anatisiya ndi matenda aja tinkawatchula monong'ona. Chaka chomwecho malemu anakayezetsa ku Nkhoma, napezeka ndi kachilombo ka HIV. Sindikuulula chinsinsi. Iwo ankanena okha, ngakhale pamsika.

Mu 2005 anayamba kumwa ma ARV, thupi n'kubwerera. Koma mu 2012 mankhwalawo anasiya kugwira, ndipo malemu anatha ngati phesi la m'chilimwe. Nthawi imeneyo madokotala a kafukufuku kutauni ankafuna anthu oti ayeserepo mankhwala atsopano. Ife a banja tinakana. Ine mpaka lero sindikhulupirira munthu wovala zoyera amene akukupatsa chinthu chaulere. Malemu sanatimvere, anapita.

Pobwera ankatifotokozera kuti kachilomboka kali ndi tizida take tomwe kamagwiritsa ntchito pochulukana m'thupi. Mankhwala sakapha ayi, amangolowa m'tizidamo n'kutitseka, monga chitsulo chikagwera m'chigayo. Mankhwala akale aja kachilombo kanali kataphunzira kuwazemba, ndiye atsopanowa ankatseka chida china. Mwezi ndi mwezi ankawatenga magazi kuti aone ngati zikuyenda, mpaka mikono inadzaza zipsera za singano. Anachira. Mu 2014 anakwatira mayi Ethel, ndipo mwana wawo anabadwa wopanda kachilombo.

Mu 2016 analembedwa ntchito yonyamula magazi pa njinga yamoto, kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono za kuno kupita kokayeza ngati mankhwala akugwira. Ambiri mwa eni magaziwo anali anthu omwe malemu anawalimbitsa mtima okha kuti akayezetse. Ankawadziwa mmodzimmodzi.

Pamwambo ngati uno timanena za matenda omwe atenga munthu. Malemu sanadwale. Lachiwiri pa 14 Epulo chaka chino cha 2020, dzuwa lili paliwombo, tcheni cha njinga yawo chinaduka pa kamsika kena pamsewu wafumbi wa pakati pa Nathenje ndi Mitundu. Mukudziwa nonse mphekesera za anamapopa zomwe zadzaza m'midzi masiku ano. Munthu wina anatsegula bokosi lozizira lomwe linali kumbuyo kwa njinga, naona timabotolo ta magazi, n'kukuwa.

Njerwa yoyamba inawagwetsa pansi. Bambo Abdulkarim, omwe ali ndi golosale pamenepo, anawakokera m'sitolo mwawo n'kutseka chitseko. Anthu anachithyola ndi nkhwangwa, nawatema bambowo pamutu, n'kuwatulutsa malemu chokhwekhwereza ndi miyendo. Anawamanga ndi linya pa mtengo wina wa pamsikapo. Chiphaso chawo cha ntchito anachipondereza m'fumbi.

Kenaka anawauza kuti atchule munthu mmodzi yekha mwa eni magaziwo, woti avomere kuti anapereka yekha kuchipatala, ndipo awamasula. Pa timabotolo panalibe mayina, panali manambala okha. Mayina anali m'mutu mwa malemu. Bambo Abdulkarim, omwe anali chigonere pakhonde, anamva yankho lawo:

"Magaziwa ali ndi eni ake, ndipo ena ndikuwaona pompano. Akafuna anena okha."

Palibe anadziulula. Anthu aja anawathyola mikono yonse iwiri ndi zibonga, kuwaphwanya nthiti, kuwatema kumaso ndi chikwanje. Njinga anaithira petulo n'kuiyatsa pamodzi ndi bokosi lija. Apolisi pofika, gulu linali litabalalika. Malemu anamwalira m'chipatala Lachitatu m'mawa, osatsegulanso maso.

Asiya mkazi, mayi Ethel, ana atatu, Tawina, Alick ndi Jenipher, ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi omwe agona pano, ndi anzawo a kuntchito omwe athandiza bokosi la maliro. Koposa tikuthokoza bambo Abdulkarim, omwe si a mpingo wathu kapena a mtundu wathu, koma akhala apo ndi bandeji kumutu.

Kwa inu amene munaima pamsika paja magazi anu ali m'bokosi lozizira lija, ndikudziwa kuti ena mwabwera. Chipepeso chanu talandira. Musanjenjemere, malemu sanatiuze kanthu, ngakhale akazi awo. Mayina anu tikukawakwirira nawo limodzi masana ano. Mukapita kunyumba mukamwe mankhwala anu pa nthawi yake, pakuti anayamba ayesedwa m'thupi lomwe lagona apali.

Mzimu wa bambo Efulemu Kalilangwe uuse mumtendere umene anthu anawamana pansi pano.